Commodore 64 ija yayaka tsopano

Abale, mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake Commodore 64, kompyuta yakale imene anandisiyira malemu amalume, inkangoonetsa mdima pa TV pomwe kanyale kofiira kakuyaka. Inu amene munati ndiyambe ndayeza adaputala yamagetsi, munalasa. M'malo mwa mavolti 5 inkatulutsa opitirira 6, ndipo inali itapsereza kale matchipi awiri a RAM, tizipangizo timene kompyuta imasungamo zinthu ikamagwira ntchito. Ndinawadziwa powakhudza ndi chala, ankatentha ngati mbaula. Ndinawachotsa, n'kuwotcherera masoketi olowetsamo matchipi, n'kuikamo matchipi ena. Adaputala yakaleyo sindidzailumikizanso.

Dzulo usiku, kuno ku Johannesburg, TV inachita buluu n'kulemba READY, kusonyeza kuti kompyutayo yayamba kugwira ntchito. Misozi inalengeza, ndinakumbuka amalume. Ndawonjezeranso kachipangizo kotchedwa SD2IEC kuti mapulogalamu azichokera pa khadi la SD. Chatsala ndi mabatani atatu amene sakugwira.