Mapu akale a phiri la Mulanje: tingawadalirebe?

Mlendo_waZomba: Akuluakulu, ndili ndi mapu a 1:50,000 a Dipatimenti ya Surveys. Pa Chambe akuonetsa nkhalango, koma GPS ikundiika pambali pa mtsinje umene ndaimapo. Cholakwa ndi mapu kapena foni?

Wamapu36: Palibe cholakwa achimwene, zangosiyana poyambira muyeso. Mapu akalewo anajambulidwa pa muyeso wotchedwa Arc 1950, pamene foni imagwiritsa ntchito wina wotchedwa WGS84. Kusiyana kwake kumaposa mamita 200, ndipo chiperoni chikatsika pafupi ndi phompho mamita amenewo si masewera. Lowani mu settings za GPS, sankhani Arc 1950 ndi UTM zone 36 South, chigawo cha mapu chimene Mulanje alimo. Werenganinso m'mphepete mwa pepalalo: ngati mizere ya kutalika ili m'mafiti, chulukitsani ndi 0.3048. Sapitwa, nsonga yaitali kuposa zonse, iyenera kutuluka pafupifupi mamita 3002.

Pa sikelo imeneyi masentimita 2 ndi kilomita imodzi. Koma musawerengere nthawi ndi mtunda wokha. Ikani ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kenaka onjezerani ola pa mamita 600 alionse okwera. Pamene mizere yathinana mpaka kugundana, ndi thanthwe loima, osati njira yachidule.

Wankhalango: Za nkhalangozo, bambo, mapu akukuuzani mbiri, osati zimene mukapeze lero. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927. Pambuyo pake atsamunda anadzala paini wa Pinus patula m'chigwa cha Chambe, ndipo matabwa ankatsika ndi chingwe kupita kumunsi. Painiyo anafalikira yekha n'kuyamba kupanikiza mitengo yachilengedwe, mpake a bungwe losamalira phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust anagwira ntchito yomugwetsa. Mkungudza nawo unatha ndi macheka komanso moto wolusa. Choncho pobiriwira papepala mukapeza udzu ndi zitsa.

Chimene sichinama ndi maonekedwe a nthaka: zitunda, zigwa ndi mitsinje. Njira zokha musazikhulupirire. Zina zinali za ocheka matabwa ndipo zinatsekeka ndi tchire, zina zatsopano za owotcha makala sizili pamapu.

Wamapu36: Ngakhale mitsinjeyo muisamale. Namondwe Freddy wa mu 2023 anagumula mapiri ndi kusuntha miyala m'makwawa, moti powolokera pena panasintha. Tengani wolondolera njira pa Likhubula, mapuwo muwakulunge m'pulasitiki.