Ndithandizeni maganizo: mitengo ya mapepala izing'ambikadi pa siteji?

Moni nonse m'gulu muno, makamaka inu akuluakulu amene mwakhalitsa m'zisudzo. Ndili ndi nkhani yomwe ikundisowetsa tulo.

Tikukonza sewero la anthu anayi, lopanda mawu ambiri. Siteji yonse ndi nkhalango yochita kupanga: mitengo ya mapepala opyapyala omata pa waya, udzu wa pulasitiki, ndi kulira kwa mbalame kochokera mu sipika. Sitikufuna kunamiza munthu kuti ndi mitengo yeniyeni ayi. Tikufuna owonera adziwe kuti ndi yabodza, komabe mtima uwawawe ikamagwa.

Maganizowa anandibwerera nditaonera vidiyo ya Nelken, gule amene Pina Bausch anakonza mu 1982 ndi gulu lake la ku Wuppertal, m'dziko la Germany. Siteji imadzaza ndi maluwa masauzande ochita kupanga, ovina n'kumawaponda mpaka munda wonse kugona pansi. Maluwa opanda moyo, koma ine misozi inalengeza m'maso.

Vuto lathu ndi ili. Mitengo ikang'ambikadi, kumatanso kumatidyera tsiku lathunthu, ndipo anzanga ayamba kuyenda monyang'ama ngati akuopa kudzutsa khanda. Amene amatipangira zinthu za pa siteji akuti tigwiritse ntchito nsalu yolimba ndi timaginito, kuti mtengo uzigwa pamalo pomwepo tsiku lililonse kenako n'kuudzutsanso. Nzeru zawo ndikuzimva. Tinayesa ndithu, koma phokoso lija la pepala likamang'ambika linasowa, ndipo sewero linangozizira.

Chimene sindikuiwala n'chakuti tsiku lina poyeserera, mtsikana wathu wina anathyola nthambi mwangozi. Anangoima chilili, manja akunjenjemera, tonse zii. Nkhope imeneyo sindingamuphunzitse munthu, ndipo ndi imene ndikufuna owonera aione.

Ndiye inu amene munagwirapo ntchito ndi zinthu zosachedwa kuwonongeka, munkatani kuti muzionetsa masiku angapo otsatizana osatopetsa gulu? Kodi ndingasakanize, mitengo iwiri yokha ikhale yong'ambikadi, inayo yolimba, osawauza osewera kuti ndi iti? Kapena kumeneko ndi kuwalakwira anthu amene akundikhulupirira?

China, magetsi athu ndi akale aja otentha kwambiri, ndipo pepala lili pafupi. Tikasintha n'kuika a LED, kodi kuwala kumadutsabe bwino m'pepala ngati mmene kukuchitira panopa?