Madzi akudontha m'galimoto ndikayatsa AC, ndithandizeni

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Kwa masabata awiri tsopano, ndikangoyatsa AC (choziziritsa m'galimoto) madzi akumadontha pansi pa dashibodi, mbali yokhala pasenjala. Kapeti yanyowa moti ukaponda madzi amachita kutuluka, ndipo m'galimoto mwayamba kununkha chinyontho. Ndikamakhota pakona ndimamva madzi akugwedezeka kuseri kwa dashibodi, kenaka amakhuthukira kumapazi.

Madziwo ndi oyera, ozizira, opanda fungo. Ndayang'ana madzi a mu radiyeta, sakuchepa, ndiye sindikukhulupirira kuti hita, yomwe imagwiritsa ntchito madzi omwewo, yabooka. Chomwe ndaona n'chakuti kale ndikaimika galimoto pansi pake pankadontha madzi, koma pano pamakhala pouma gwa. Maganizo anga ndi oti kapaipi kotulutsa madzi a evaporator (chipangizo cha AC chomwe chimaziziritsa mpweya kuseri kwa dashibodi) katsekeka ndi fumbi kapena zinyalala, mwinanso kasolomoka.

Kodi kapaipi kameneka ndingakatsegule ndekha kuchokera kunsi, ndi waya wofewa kapena popopera mpweya, osaboola evaporator? Nanga kapetiyi ndiichotse yonse kuti iume bwino? Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi dzimbiri komanso mawaya amagetsi odutsa pansi pake.