Kodi tanthauzo lakale la mawu akuti "nice" likadali ndi moyo?

Akuluakulu amene munazama pa Chingerezi, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaphunzitsa Chingerezi achinyamata a ku China, ndipo pafupifupi onse amamasulira "nice" ndi mawu a kwawo akuti hao, otanthauza chabwino, moti chakudya, nyengo, nsapato ngakhale mphunzitsi amene, zonse kwa iwo ndi "nice".

Chimene chimawadabwitsa n'chakuti mawuwa anayamba ngati chipongwe. Gwero lake ndi mawu a Chilatini akuti nescius, kutanthauza wosadziwa, omwe anapangidwa polumikiza ne, wosonyeza kukana, ndi scire, kudziwa, komwe kunachokeranso "science". Atadzera m'Chifalansa chakale, analowa m'Chingerezi cha m'ma 1300 akutanthauza munthu wopusa. Pambuyo pake ankanena za munthu wosankhasankha, wovuta kumukhutiritsa, ndipo pofika m'ma 1500 ankanenanso za chinthu chofuna diso lakuthwa kuti uchizindikire. Tanthauzo la chinthu chosangalatsa linakhazikika m'ma 1700, ndipo linafala msanga kwambiri moti m'buku la Jane Austen lotchedwa Northanger Abbey, lomwe linatuluka mu 1817, Henry Tilney akuseka Catherine Morland chifukwa chotchula mawuwa pa chilichonse.

Vuto langa lili pa mawu akuti "a nice distinction". Mtsikana wina anawapeza m'nkhani ya zamalamulo n'kumasulira kuti kusiyana kwabwino, pomwe wolembayo ankanena kusiyana kochepetsetsa, kovuta kukuona. Kodi tanthauzo limeneli ndiwaphunzitse, kapena ndi lakale loti lingowasokoneza?

Yankho: Aphunzitsi, tanthauzoli silinafe, koma linatsalira m'mawu ochepa okhazikika monga amenewo ndi "niceties" (kutanthauza mfundo zing'onozing'ono zofuna kusamala), ndipo amawakonda ndi maloya komanso olemba nkhani zozama. Aphunzitseni kuti azilizindikira powerenga, koma asamalilembe okha. Kwa ine chofunika kuposa apa ndi kuwachenjeza kuti mawuwa nthawi zina amatamanda mozizira, chifukwa Mngelezi akangoti ntchito yanu ndi "nice" osawonjezerapo kanthu, mwina sinamugwire mtima. Izi sizingawavute kumva, poti nawonso ali ndi nthabwala ya haoren ka, khadi la munthu wabwino, lomwe amati mnyamata walandira pamene mtsikana wamukana pomuuza kuti ndi munthu wabwino.