GOR yatsika titadutsa bubble point: kodi mita ikunama?

Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni. Presha ya reservoir yathu (mwala wa pansi pa nthaka wosunga mafuta) yafika pa 2,350 psi, pomwe lipoti la PVT (la kuyeza mafutawo ku labu) likuti bubble point, presha imene gasi amayamba kutuluka m'mafuta, ndi 2,500 psi. Ndimayembekezera kuti gasi achuluka, koma GOR, kuchuluka kwa gasi poyerekeza ndi mafuta otuluka pachitsime, yatsika pang'ono m'malo mokwera. Mafuta ndi opepuka, ndipo palibe madzi okankha kuchokera pansi. Abwana akuti titsegule choke (valavu yochepetsa zotuluka pachitsime) poti gasi sakuvuta. Kodi vuto ndi mita?

Bambo Kalua: Mita muiyese ndithu, koma sindikuiona mlandu. Umu ndi mmene solution gas drive, kukankhidwa kwa mafuta ndi gasi amene anasungunuka m'mafutamo, imayambira. Presha ikatsika kudutsa bubble point, gasi amatuluka m'mafuta ngati timathovu ting'onoting'ono, ndipo kathovu kalikonse kamakakamira pakokha m'kabowo ka mwala chifukwa sikangathe kudutsa pakhosi popapatiza. Akufika pachitsime ndi mafuta okha, atasiya gawo la gasi wawo kumbuyo. Ndiye GOR ilekerenji kutsika? Timathovuto tikukula tsiku ndi tsiku. Tikadzalumikizana n'kupanga njira, pa critical gas saturation, gasi adzathamanga kusiya mafuta kutali, GOR n'kukwera mwadzidzidzi.

Mayi Nyirenda: Choke musakhudze, a Chisomo, chonde. Gasi ameneyo ndiye mphamvu yokhayo imene ikukankha mafuta anu. Akatuluka, mafuta otsala amakhuthala, amachepa, ndipo gasi amawalanda njira m'mwala. N'chifukwa chake reservoir yodalira solution gas drive yokha imapereka pakati pa 5 ndi 30 peresenti ya mafuta amene ali pansi. Kumbukiraninso kuti pafupi ndi chitsime presha inadutsa bubble point kalekale. Ngati muli ndi ESP (pampu yamagetsi ya m'chitsime), muziyang'ana ma amp, akayamba kuvinavina ndiye kuti pampu yayamba kumeza gasi.

Yamikani: Pepani kulowerera, koma si zoona kuti ku Orinoco ku Venezuela ndi ku Lloydminster ku Canada kutsitsa presha mwachangu kumathandiza? Timathovu timachuluka n'kumayenda limodzi ndi mafuta.

Bambo Kalua: Zoona achimwene, koma amenewo ndi foamy oil, mafuta okhuthala ngati uchi. Mmenemo timathovu timachedwa kukumana, choncho timakhala tomwazikana nthawi yaitali. M'mafuta opepuka timagwirana msanga. Ndipo samalani ndi nambala za ku labu: pa core (chidutswa cha mwala chotengedwa m'chitsime) amatsitsa presha mofulumira kwambiri kuposa mmene imatsikira pansi pa nthaka, timathovu timabadwa tambiri, critical gas saturation n'kuoneka yaikulu. Mukaiika mu simulator (pulogalamu ya kompyuta yolosera za reservoir) osaiunika, idzakuuzani kuti nthawi ikadalipo pomwe yatha.

Chisomo: Ndamva. Ndiye kwa abwana ndipite ndi chiyani?

Mayi Nyirenda: Pemphani build-up test (kutseka chitsime n'kuyeza mmene presha ikukwerera) kuti mutsimikize 2,350 imeneyo, ndipo GOR muziyeza chitsime chilichonse pachokha, osati zonse pamodzi pa separator (thanki yolekanitsa gasi ndi mafuta). Ngati mwala umalola gasi kukwera, akaunjikana pamwamba pa reservoir n'kupanga gas cap, ndiye zitsime zakumtunda ndizo zidzayambe kulira ndi gasi wochuluka. Zimenezo muzichepetse kaye. Koma nkhani yeniyeni ndi yopopera madzi pansi, ndipo iyambe pano gasi asanapeze njira. Akangotuluka pachitsime, ngakhale mukweze presha bwanji, mafuta otsalawo sadzapeputsidwanso ndi gasi amene wapita.