Makina adula zala mlongo wanga ku fakitale, abwana akuti asaine pepala. Titani?

Mayi wa ku Ndirande:

Abale, ndithandizeni maganizo. Mlongo wanga wamng'ono amagwira ntchito pa fakitale ina ya mapulasitiki kuno ku Blantyre, pa makina ogaya zidebe ndi mabeseni akale. Mwezi watha ali pa shifiti ya usiku magetsi anathima makina ali mkati mogaya, zipulasitiki n'kutsakamira pakamwa pake. Kapitawo anamuuza kuti azichotseretu kuti magetsi akayaka ntchito isachedwe. Mwanayo anapisa dzanja. Nthawi yomweyo wina kunja analiza jenereta, makina n'kudzuka okha. Zala zitatu za dzanja lamanja zinatsalira momwemo. Watsala ndi chala chachikulu ndi kakang'ono ka kumapeto.

Kuchipatala anamusoka bwino, bala likupola. Koma munthu sangagwire supuni, batani la malaya akumumangira ndi mlamu wanga, ndipo ali ndi ana awiri ang'onoang'ono. Usiku akumadzuka n'kumati zala zomwe kulibezo zikumuwawa.

Dzulo abwana anatumiza kalaliki wawo ndi envulopu ya ndalama komanso pepala la m'Chingerezi loti asaine kuti nkhani yatha. Akuti wolakwa ndi iyeyo chifukwa anapisa yekha dzanja. Kalata ya ntchito sanamupatsepo chiyambireni, malipiro amalandirira pamanja. Amayi kumudzi akuti tingolandira, osauka salimbana ndi mwini chuma. Ine mtima ukukana. Kodi lamulo likuti chiyani?

Amagetsi a ku Kanengo:

Pepani kwambiri mayi. Ine ntchito yanga ndi yolumikiza ndi kukonza ma mota m'mafakitale, ndiye ndilankhule za makinawo, poti apa ndi pomwe bodza la abwanawo lagona.

Makina olumikizidwa bwino sadzuka okha magetsi akabwera. Amakhala ndi sitata yokhala ndi contactor, kachipangizo kolumikiza magetsi ku mota, yomwe imamasuka magetsi akangothima, ndipo mota siingazungulirenso mpaka munthu adine batani lobiriwira ndi chala chake. Ngati makina anadzuka jenereta itangolira, ndiye kuti mwina analumikiza mota molunjika ku switch, kapena contactor inapsa wina n'kuikanikiza ndi kamtengo kuti ntchito izipita. Zimenezi ndaziona ndi maso anga, osati malo amodzi. Contactor yatsopano mtengo wake sufika ngakhale pa tayala limodzi la galimoto ya bwana.

Chachiwiri, pakamwa pa makina ogaya pamayenera kukhala potalika kapena pokhota moti dzanja silingafike pa mipeni, ndipo chivindikiro chikatsegulidwa makina azithima okha. Ambiri amachotsa zotchingazi ati zikuchedwetsa ntchito. Chimodzimodzi m'zigayo za chimanga, lamba ndi pule zili pamtunda, amayi akudutsa pafupi ndi zitenje.

Chachitatu, munthu asanapise dzanja m'makina, switch yaikulu imayenera kuthimitsidwa n'kukhomedwa ndi loko, kiyi ali m'thumba mwa wopisayo. Kapitawo amene anamutuma uja anamupatsa loko? Funsani zimenezo. Ndipo ngati pali mnzake wodalirika mkatimo, ajambule makinawo pa foni msanga, chifukwa ngozi ikachitika zotchinga zimabwezeretsedwa usiku womwewo.

Wakale wa yuniyoni:

Chemwali, asasaine. Ndalama za mu envulopuzo asazikhudze kaye mpaka mutaonana ndi a ofesi ya zantchito, ija timangoti kwa Leba.

Pali malamulo awiri. Loyamba ndi Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, lomwe limakakamiza mwini fakitale kutchinga mbali zoopsa za makina ndi kunena ku boma ngozi yotere ikachitika. Lachiwiri ndi Workers' Compensation Act la 2000, la chipukutamisozi. Pa lachiwirili, funso lalikulu ndi lakuti kodi munthu wavulala akugwira ntchito ya abwana ake? Ngati ndi choncho, mawu oti "anapisa yekha dzanja" sawapulumutsa, makamaka pomwe anachita kutumidwa ndi kapitawo.

Kawerengedwe kake n'kotere. Munthu akalumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito, amayenera kulandira malipiro a miyezi 54. Akamwalira, banja limalandira a miyezi 42. Akalumala mbali ina ngati mlongo wanuyu, dokotala amalemba maperesenti a kulumalako, ndipo amalandira gawo limenelo la miyezi 54 ija. Tingoyerekeza kuti amalandira K150,000 pa mwezi ndipo dokotala walemba 20 peresenti: miyezi 54 ikukwana K8,100,000, gawo lake n'kukhala K1,620,000. Muyerekeze nokha ndi zomwe zili mu envulopumo. Ndalama za kuchipatala amayenera kulipira ndi abwana, siziyenera kuchotsedwa pamenepo.

Zoti alibe kalata ya ntchito zisakufooketseni. Sonkhanitsani chilichonse chosonyeza kuti amagwira pamenepo: ovolosi ya kampani, chiphaso cholowera pa geti, mauthenga a pa foni ochokera kwa kapitawo, anzake a shifiti imodzi. Buku la kuchipatala mulisunge ngati ndalama. Musachedwe, madandaulo otere ali ndi nthawi yake yoikika.

Poti a ku Kanengo akuti makinawo akuoneka kuti anali osatetezeka, palinso njira yosumira kampani ku khoti chifukwa chosasamala, ndipo kumeneko ndalama zimatha kukhala zambiri. Pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu osatha kulipira loya, akuunikireni musanasankhe njira, chifukwa ziwirizi zimakhudzana.

Namwino wopuma:

Mwana wanga, ululu wa zala zomwe zinachoka ndi weniweni, si misala ndipo si zamatsenga. Mitsempha yodukayo imapitirizabe kutumiza uthenga ku ubongo. Akauze adokotala, mankhwala ake alipo. Apemphenso kuonana ndi a mafizo, apo ayi zala ziwiri zatsalazo ziuma, pomwe ndi zimene zingamuthandize kutsina ndi kugwira zinthu. Mumuyang'anirenso maganizo, anyamata akalumala chonchi ena amangodzitsekera m'nyumba kapena kuyamba kachasu.

Kwa ena owerenga: chala chikaduka, kanikizani bala ndi nsalu yoyera, dzanja likhale m'mwamba. Chala chodukacho chikulungeni m'kansalu konyowa pang'ono, muike m'jumbo yomanga bwino, jumboyo muiviike m'madzi a ayisi. Chisakhudzane ndi ayisi mwachindunji. Thamangani nacho ku chipatala chachikulu.

Mayi wa ku Ndirande:

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Envulopu tabweza, pepala lija ndalijambula pa foni tisanabweze. Mnzake wa shifiti imodzi wavomera kuchitira umboni ngakhale akuopa kuchotsedwa ntchito, ndipo watiuza kuti batani lobiriwira la makinawo linasiya kugwira kalekale, amangoyatsira pa switch ya pakhoma. Lolemba m'mawa tikupita kwa Leba ndi buku la kuchipatala. Achimwene a yuniyoni, fomu yoti dokotala alembepo maperesenti ija timakatenga kwa Leba komweko kapena kuchipatala?