Manambala a mu modelo ya Revit tingawadalire pa BoQ?

Nabanda, Braamfontein
Akuluakulu, ma architect ambiri kuno ku Joni ayamba kutumiza modelo ya Revit (pulogalamu yojambulira nyumba mu 3D) pamodzi ndi mapulani. Kodi manambala a mu schedule yake (tebulo la miyezo lomwe modelo imatulutsa) tingawathire mu BoQ (bill of quantities, mndandanda wa miyezo ya ntchito yomanga woikirapo mitengo) momwe alili? Nanga ofesi yaing'ono ya QS (quantity surveyor, wowerengera miyezo ndi mtengo wa zomanga) iyambire pati?

Phiri, Randburg
Mayi Nabanda, momwe alili ayi. Modelo imawerenga zokhazo zomwe zajambulidwa. Choyamba funsani LOD, mlingo wosonyeza kuti modelo yajambulidwa mwatsatanetsatane motani: 200 ndi yongoyerekezera mtengo, BoQ imafuna 300 kapena kuposa. Kenako yang'anitsitsani pomwe zinthu zakumana. Khoma likajambulidwa kupyoza silabu mpaka pamwamba, njerwa zimachuluka. Pilala ndi bimu zikalowana osalumikizidwa ndi Join Geometry, konkire ya pamphambanopo imawerengedwa kawiri, ndipo pa nyumba ya nsanjika khumi ndi ndalama zambiri zimenezo. Mayinanso amasokoneza. Khoma lolembedwa "Generic 200mm" silikuuzani ngati ndi half brick kapena one brick, pomwe Standard System, buku la malamulo oyezera la ASAQS (bungwe la ma QS ku South Africa), lija la 2015, limafuna njerwa ziyezedwe mu m² potengera kunenepa kwa khoma. Zotere zibwezeni kwa architect akonze, musamangoganizira.

Mwale, Midrand
Kuwonjezera pa za a Phiri, choopsa kwambiri ndi zomwe mulibemo. Shatalingi, DPC (chotchinga chinyezi m'khoma), brickforce (waya wolimbitsa khoma) ndi zokumba maziko kawirikawiri sizijambulidwa n'komwe. Zitsulo za mu konkire tengani pa bending schedule (mndandanda wa zitsulo ndi mapindidwe ake) ya injiniya, mu matani. Pulasitala akaikidwa ngati gawo la khoma, amakwera mpaka kupitirira siling'i, kumene womanga sapakako.

Nagondwe, Rosettenville
Achemwali, musathamangire kugula Revit, ntchito yathu si kujambula. Pemphani modelo mu fayilo ya IFC, yomwe imatseguka m'mapulogalamu ena, ndipo potumiza achonge base quantities (miyezo ya chinthu chilichonse), apo ayi utali ndi m² zimabwera zoperewera. Itsegulireni mu pulogalamu yoyezera ya CostX kapena DimensionX, BoQ mulembe mu pulogalamu ya WinQS monga kale. Nsanjika imodzi muyeze pamanja n'kufananiza. Zikasiyana, pezani chifukwa musanapitirire.

Phindu lenileni lili pa ma revision, mapulani akasinthidwa: pulogalamu imakusonyezani makoma omwe asuntha. Koma gwirizanani polemba, ntchito isanayambe, kuti modelo ndi mapulani zikasemphana chotsatidwa ndi chiti, chifukwa pa final account (kuwerengera ndalama komaliza) ya kontirakiti yomangira ya JBCC kontirakitala adzafunsa zimenezo.